Waya Wachikasu

Ndinaipeza pansi pa sutikesi ya Zondiwe,
itakulungidwa m'juzi yake ya kusekondale,
gemu yotuwa ija, yobenthuka ngodya imodzi
kuyambira tsiku tinalimbirana mpaka kuigwetsa pakhonde.
Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitapo.
Mphemvu zinakwatiranamo, zinaswana, zinasamuka.

Mawaya ake atatu akadali opotana,
wofiira, woyera, wachikasu.
Koma kanema wathu kuno ku Kawale ngwamakono,
wopyapyala ngati chitseko cha kabati,
kumbuyo alibe bowo lozungulira ndi limodzi lomwe.
Ndinapapasa, ndinaunika ndi foni,
Mwatitha akuseka pampando:
Adadi, zimenezotu n'za kumyuziyamu.

Loweruka ndinatsikira pa depoti,
ndinaphipha m'chigulu cha Malangalanga
mpaka kwa a Chikaonda,
pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa maloko.
Iwo sayankha moni asanagwire chodwala.
Ananunkhiza waya, anaupinda pakhosi,
anausomeka pa kanema wachimimba wa pansi pa tebulo.

Mpunga.
Mpunga wokhawokha, kubwata pagalasi.

Anazula katiriji, ine ndinati ndiuziremo mpweya
monga tinkachitira kale. Anandigwira dzanja.
Malovu anu ndiwo anadya mano ake, anatero,
akupukuta ndi thonje la sipiriti.
Tinayatsanso. Ndipo kanyimbo kaja kanalira,
kaja ka manotsi asanu ndi awiri,
kamene Zondiwe ankaimba mluzu posamba.
Mawu alipo, nkhope palibe.
Ndinayang'ana kumbali, kwa wa maloko uja.

Wofiira ndi woyera nga khutu, anatero a Chikaonda,
diso lili mwa wachikasu.
Ukaduka m'kati, khungu lake silikuuza.

Anausenda ndi lezala.
Mkuwa unali utabiriwira, tiulusi tiwiri tokha tikugwirana.
Anadula, anawotcherera ndi mtovu,
utsi woonda ukukwera pakati pa magalasi awo.

Chithunzi chinabwera, koma chosakhazikika,
chikuthawira m'mwamba, kutulukira pansi, kuthawanso,
chopanda mtundu, chotuwa ngati phulusa la mbaula.
Gemuyi inabadwira kutali, anatero,
imawerenga mizere mwa kwawo,
kanemayu amawerenga mwa kwathu.
Onse akunena zoona, koma sakumvana.
Anatembenuza, anapeza kaswichi kobisala m'dzenje,
anakakankha ndi mtengo wa machesi.

Phi! Chinaima.
Thambo labuluu, udzu wobiriwira kuposa wa dzinja,
kamunthu kadikira pomwe tinakasiya.

Ndinathamangira pa mndandanda wa akatswiri,
pomwe zilembo zitatu, ZON, zinkakhala pamwamba pa zanga
chaka chonse chimene ndinalephera kumugonjetsa.
Panali mizere yopanda kanthu.
Kabatire ka m'kati kanafa kalekale, anatero a Chikaonda,
ndiko kankasunga maina.
Ndiikemo katsopano?
Ikanimo, ndinatero. Ndinalipira osanenerera.

Anandigulitsanso kabokosi komasulira,
koti zakale zizilankhula ndi zamakono.
Magetsi anabwera cha m'ma naini usiku umenewo.
Chithunzi pa kanema wathu n'chonenepa m'mbali,
chili ndi kamzere konjenjemera kumanzere,
ndipo waya umafuna chopanira zovala
kuti usagwetse mutu.

Galasi linafunsa: mmodzi kapena awiri?

Mwatitha anatola chowongolera chachiwiri osapempha.
Batani ili bwanji lalowa chonchi? anafunsa,
chala chake chikukhala m'kadzenje kosalala
kamene chala china chinakumba.
Ndinati dinapo basi, limagwirabe.

Anandipha katatu tisanazimitse nyali.
Kachinayi ndinanamizira waya.